The Tank Museum ku Bovington ngati malo okafunako maganizo a diorama ya kasinja

Aliyense amene amamanga tiakasinja ta pulasitiki amadziwa kuti kumata zidutswa ndi kupaka penti kuli ndi malangizo ake m'bokosi, koma palibe pepala limene limamuuza munthu malo amene kasinjayo adzaime, anthu amene adzamuzungulire, kapena chimene chidzakhale chikuchitika pa nthawiyo. Diorama ndi kabwalo kakang'ono kamene kamaonetsa kasinja ali pakati pa nthaka, zomera, nyumba ndi asilikali a muyeso wofanana naye, ndipo imakoma pokhapokha ngati woiona angathe kunena nkhani yake popanda kuuzidwa. Apa ndi pamene ambiri amaima, kasinja n'kukhala pa shelefu ali yekha kwa zaka. Ndemanga iyi ikukhudza The Tank Museum, nyumba yosungiramo akasinja imene ili ku Bovington m'chigawo cha Dorset kumwera kwa England, ndipo ndikuiyeza pa funso limodzi lokha, lakuti ingamuthandize bwanji munthu amene akufuna nkhani yoti aikemo kasinja wake.

Malowa ali m'mbali mwa kampu ya asilikali imene yakhala ikuphunzitsa oyendetsa akasinja kuyambira mu 1916, ndipo anatsegulidwa kwa anthu wamba mu 1947. Muli magalimoto ankhondo pafupifupi 300 ochokera m'maiko oposa 20, kuyambira pa Little Willie wa mu 1915, amene ndi kasinja woyamba kumalizidwa kupangidwa, mpaka pa Challenger 2 wa masiku ano. Wochokera ku London amakwera sitima pa Waterloo yopita ku Weymouth n'kutsikira pa Wool, ulendo wa maola awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kuchokera pa siteshoni pamatsala makilomita pafupifupi atatu. Ndi kumudzi ndithu, choncho wopanda galimoto ayenera kukonzekeratu za kayendedwe kake, makamaka pobwerera madzulo.

Phindu loyamba, limene buku kapena kanema sangapereke, ndi kuzindikira kukula kwenikweni kwa zinthu. Muyeso umene anthu ambiri amamangira ndi wa 1/35, umene kampani ya Tamiya ya ku Japan inautchukitsa kuyambira pa kakasinja kake ka Panther wa ku Germany ka mu 1961. Pa muyeso umenewu munthu wotalika masentimita 175 amakhala wa masentimita asanu okha, ndipo kasinja wa ku Germany wotchedwa Tiger I, amene ndi wotalika mamita oposa asanu ndi atatu kuwerengera ndi mzinga wake, amakhala wa masentimita pafupifupi 24. Manambalawa munthu angawawerengere ali kunyumba, koma ukaima pafupi ndi Tiger n'kuona kuti denga la thupi lake lili pamtunda wofanana ndi mutu wako, umamvetsa kuti msilikali sankakwerapo mongolumpha, ankafuna pogwira ndi poponda. Ma diorama ambiri amalakwika pamenepa, chifukwa amaika msilikali atakhala pamalo pamene sakanafika, kapena akukambirana ndi mnzake wa pansi ngati kuti mitu yawo yayandikana. Chimodzimodzinso ndi kasinja wamng'ono wa ku Italy wotchedwa L3, amene ndi wotalika mamita atatu okha ndipo msinkhu wake sufika pachifuwa pa munthu wamkulu. Ukamuona maso ndi maso umadabwa kuti amuna awiri ankakwanamo bwanji, ndipo kudabwa kumeneku n'kumene kuyenera kuoneka pa diorama yake, mwina poimika msilikali mmodzi pambali kuti kuchepa kwake kudziwike.

Gawo limene ndikuliona kuti ndi lolemera kwambiri kwa wofuna maganizo ndi la nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Pali njira imene alendo amayendamo yomangidwa ngati ngalande zimene asilikali ankabisalamo ku France, yokhala ndi matabwa otchinga dothi, matumba a mchenga, waya waminga ndi zidole za asilikali za msinkhu wa munthu, ndipo kumapeto kwake kasinja wa mtundu wa Mark I, amene ndi yekhayo wotsala wa mtunduwu, amaoneka akutulukira pamwamba pa ngalande ya Ajeremani. Imeneyi ndi diorama kale, kungoti ndi ya muyeso weniweni, ndipo imaphunzitsa chinthu chofunika pa kayalidwe, chakuti kasinja amaopsa kwambiri akamaonedwa kuchokera pansi, mphuno yake itakwera m'mwamba ndipo mimba yake ikuoneka. Amene angamange zimenezi ayenera kukweza nthaka kumbuyo kwa bwalo lake n'kutsitsa ngalande kutsogolo, kuti diso la woona likhale pamene panali diso la msilikali wa m'ngalandemo pa 15 Sepitembala 1916, tsiku limene akasinja anagwiritsidwa ntchito koyamba pa nkhondo ya Flers-Courcelette.

M'gawo lomweli muli zinthu zing'onozing'ono zimene chilichonse mwa izo chingabale diorama yakeyake. Pa nkhondo ya Cambrai, imene inayamba pa 20 Novembala 1917 ndi akasinja oposa 400, akasinja a mtundu wa Mark IV ankasenza pamutu mitolo ikuluikulu ya nthambi yomangidwa ndi matcheni, imene ankaigwetsera m'ngalande zotakata kuti awolokerepo. Ankanyamulanso mtanda wolemera pamsana, umene ankaumangirira ku matcheni oyendera pamene atitimira m'matope, ndipo ntchito yomangirirayo inkafuna kuti anthu atuluke panja zipolopolo zikuuluka. Munkakhala amuna asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi ndi injini yosatchingidwa, m'kati mwa utsi ndi kutentha, moti akaima ankatsegula zitseko zonse n'kugona pansi panja. Komanso popeza wailesi zinali zisanafale, uthenga ankautumiza ndi nkhunda, ndipo pali chithunzi chodziwika cha mu Ogasiti 1918, chojambulidwa pafupi ndi tauni ya Albert, choonetsa dzanja likutulutsa nkhunda pa kabowo ka m'mbali mwa kasinja. Chithunzi chimenechi chili m'nkhokwe ya Imperial War Museum, nyumba yosungiramo zakale za nkhondo ya ku London, ndipo ndikuchitchula chifukwa chikuonetsa kuti diorama yabwino sifuna gulu la asilikali. Dzanja limodzi, mbalame imodzi ndi khoma la chitsulo lodzala misomali zikukwanira.

Alendo ambiri amabwerera Tiger 131, ndipo m'pomveka, chifukwa ndi Tiger I yekhayo padziko lonse amene akuyendabe. Anagwidwa ku Tunisia mu Epulo 1943, chipolopolo cha mzinga wa kasinja wa Britain wa mtundu wa Churchill chitamenya pansi pa mzinga wake n'kukanikiza mutu wake kuti usathenso kuzungulira, ndipo asilikali ake anamusiya n'kuthawa. Zipsera za tsikulo zikuonekabe pa chitsulo chake, ndipo n'zofunika kuziyang'anitsitsa, popeza ambiri akafuna kuonetsa kasinja wowomberedwa amaboola mabowo akuluakulu ndi chitsulo chamoto, pamene zoona zake n'zakuti chitsulo chochindikala chimangokumbika, kung'ambika m'mphepete, kapena kutsala ndi mzere wonyezimira pamene chipolopolo chinatsetsereka. Maganizo anga ndi akuti diorama ya Tiger akuwombera yamangidwa kambirimbiri ndipo palibe chatsopano chimene ingaonjezere. Nkhani yosangalatsa ya kasinja ameneyu ndi ya pambuyo pa kugwidwa kwake, pamene asilikali a Britain ankakwera pamwamba pake kusuzumira m'kati, akatswiri akuyeza kuchindikala kwa chitsulo chake, ndipo mu Juni chaka chomwecho Mfumu George VI ndi Winston Churchill anakamuona ku Tunis. Pamenepo pali anthu ovala mosiyanasiyana, ena ali chilili ena atawerama, onse maso ali pa chinthu chimodzi, ndipo diso la woona diorama limatsatira maso awowo.

Chenjezo lalikulu kwa wokaona malowa likukhudza penti ndi ukhondo. Akasinja a m'nyumba yosungiramo zakale, kulikonse padziko, ndi osambitsidwa, aima pa simenti, ndipo ambiri anapakidwa penti ina nkhondo itatha kalekale. Wosasamala angajambule mtundu umene wauona n'kukaupaka pa kasinja wake, osadziwa kuti akutsanzira wopaka penti wa m'zaka za m'ma 1970. Chitsanzo chodziwika pakati pa omanga ndi cha mapakidwe a mizere yowongoka otchedwa Caunter, amene akasinja a Britain monga Matilda anali nawo m'chipululu mu 1940 ndi 1941. Kwa zaka zambiri mabokosi ndi zithunzi zojambula pamanja zinkaonetsa mtundu wobiriwira ngati thambo, koma ofufuza atabwerera ku malamulo a asilikali a nthawiyo anapeza kuti mitunduyo inali wa mchenga, wotuwa ndi wina wotuwa moderako. Kwa akasinja a Germany, mtundu wachikasu woderako unalamulidwa mu Febuluwale 1943, ndipo phala la mizeremizere lotchedwa Zimmerit, limene ankamata pa chitsulo kuti mabomba a maginito asakakamire, linagwiritsidwa ntchito kwa chaka chimodzi chokha, kuyambira chakumapeto kwa 1943 mpaka Sepitembala 1944. Tiger 131 alibe phalali chifukwa anapangidwa lisanayambe. Choncho ku Bovington munthu akatengeko maonekedwe a chitsulo, mmene zowotcherera zinayendera, kukhakhala kwa mutu woumbidwa wa Sherman wa ku America kapena wa T-34 wa ku Soviet Union, malo a zogwirira ndi mabokosi, koma mtundu wa penti ndi zizindikiro azitsimikize ndi chaka ndi gulu la asilikali limene akufuna kuonetsa.

Za dothi zimaphunziridwa panja. Malowa ali ndi bwalo lalikulu limene akasinja ena amayendetsedwamo pa masiku oikika, makamaka pa chionetsero cha Tankfest chakumapeto kwa Juni ndi pa masiku otchedwa Tiger Day. Amene cholinga chake ndi diorama apindula kwambiri akaona kasinja atangomaliza kuzungulira bwalo, chifukwa pamenepo amazindikira kuti fumbi silimwazika mofanana paliponse. Limaunjikana kumbuyo ndi pamwamba pa zotchinga matcheni, matope amakakamira pakati pa mawilo ndipo amauma kuchokera m'mphepete kupita pakati, mano a gudumu loyendetsa ndi malo amene matcheni amakhudzana ndi mawilo amanyezimira ngati khasu la m'dzinja, ndipo dzimbiri ndi lochepa kwambiri kusiyana ndi mmene omanga ambiri amalipakira, kupatulapo pa mapaipi a utsi. Amaonanso kuti kasinja salema pamwamba pa nthaka ngati chinthu chongoikidwapo, koma amatitimira pang'ono n'kusiya mizere iwiri yakuya, ndipo akakhota amakankhira dothi mbali imodzi. Kasinja woyandama pamwamba pa bwalo ndi chilema chimene chimaononga ma diorama ambiri omangidwa bwino m'zonse. Kuipa kwa masiku a zionetserozi ndi kwakuti anthu amachuluka kwambiri ndipo matikiti ake ndi apadera, ogulidwiratu, moti wofuna kujambula mawilo ndi zitseko mwachifatse ayenera kusankha tsiku wamba la pakati pa sabata, ana ali ku sukulu. Kunena zoona, ntchito ziwirizi sizitheka pa ulendo umodzi.

Pali zinthu zina zimene ndingodutsamo mofulumira. Kasinja wa Centurion wodulidwa pakati amathandiza amene akufuna kusiya zitseko zotsegula kuti m'kati muzioneka, chifukwa amaonetsa kuthinana kwa malo ndi mmene zipolopolo zinkasanjidwira. TOG II, chimphona cha matani 80 chimene anthu amakonda kujambula, sichinapiteko ku nkhondo, choncho nkhani yake ndi ya pa bwalo loyesera basi. Nyumba yotchedwa Vehicle Conservation Centre, imene inatsegulidwa mu 2013, imasunga magalimoto ambiri othinana, ena osakonzedwa, ndipo ndi kumeneko kumene munthu angaone penti yosuluka ndi dzimbiri lenileni, zoyenera diorama ya kasinja wotayidwa kapena ya m'galaja.

Chimene ndinachipeza chothandiza kuposa akasinja eniakewo ndi tinthu ta m'makabati a galasi ndi nkhani za asilikali zimene zili m'gawo la nkhondo yachiwiri. Msilikali wa kasinja ankakhala nthawi yochepa kwambiri akumenya nkhondo. Masiku ambiri ankathira mafuta, kumanga matcheni, kutsuka mzinga ndi ndodo yaitali imene inkafuna amuna atatu kapena anayi, kuyanika zovala, kugona pansi pa lona womangirira m'mbali mwa kasinja, ndi kudikira. M'chipululu cha kumpoto kwa Africa asilikali a Britain ankadula chitini cha petulo pakati, kuthiramo mchenga, kuunyowetsa ndi petulo n'kuyatsa, ndipo pamenepo ankawiritsapo tiyi. Zitini zawo zinali zopyapyala ndi zodontha, n'chifukwa chake ankatola zigubu za Ajeremani za malita 20 paliponse pamene azipeza, moti kuika chigubu cha Chijeremani pa kasinja wa Britain wa mu 1942 si kulakwitsa. Nkhani ya tiyi inafika poti kuyambira pa Centurion akasinja a Britain amapangidwa ndi chowiritsira madzi m'kati. Diorama ya amuna anayi atazungulira chitini cha moto pamthunzi wa Crusader kapena Grant imafuna bwalo laling'ono, mchenga ndi timiyala, koma imanena zambiri za moyo wa anthuwo kuposa ya mizinga ikulira, imenenso ndi yovuta chifukwa utsi ndi moto wa thonje sizikhutiritsa kawirikawiri.

Kwa womanga wochokera ku Malawi kapena ku Zambia pali nkhani zina zimene nyumbayi siifotokoza mwachindunji, popeza mutu wake ndi magulu a akasinja a Britain, koma magalimoto ake alipo. Mu Ogasiti 1940, pa nkhondo ya Tug Argan ku British Somaliland, gulu lachiwiri la King's African Rifles la ku Nyasaland ndi gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment anali m'gulu la asilikali amene anayesa kutchinga Ataliyana, ndipo Ataliyanawo anabwera ndi akasinja, kuphatikizapo a mtundu wa L3. Amene ali ku Bovington ndi wa mtundu wolavula moto, choncho si wofanana ndendende, koma thupi, mawilo ndi matcheni ndi omwewo, ndipo kampani ya Bronco inatulutsapo kasinja ameneyu pa muyeso wa 1/35. Malo ake ndi a miyala, minga ndi khwawa louma, zinthu zosavuta kuumba. Asilikali a ku Nyasaland analinso ku Madagascar mu 1942, chilumba chimene akasinja a Valentine ndi Tetrarch anatsikirapo mu Meyi chaka chimenecho, ndiponso ku Burma mu 1944, kumene gulu la 11th East Africa Division linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yamphamvu mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin. Akasinja amene Britain inkagwiritsa ntchito ku Burma anali makamaka Lee, Grant ndi Stuart, ndipo Grant ndi Stuart onse akuoneka ku Bovington. Vuto lili pa zidole za asilikali, chifukwa makampani sapanga kawirikawiri asilikali a ku Africa pa muyeso umenewu. Njira yake ndi kutenga zidole za asilikali a Britain a m'chipululu, ovala makabudula ndi malaya a khaki, n'kusintha mitu ndi zipewa, koma za ku Burma zimafuna mathalauza ndi zovala zobiriwira. Ndingalangize kuti asanamate chilichonse womanga afufuze kaye zithunzi za gulu lenilenilo m'nkhokwe ya Imperial War Museum, imene imapezeka pa intaneti, kuti asaike kasinja ndi asilikali a ku Africawo pamalo amene sanakumanepo.

Njira imene imagwira ntchito, mmene ndikuonera, ndi kupita kumaloko uli kale ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri za nthawi ya nkhondo, n'kukafunafuna pa kasinja weniweni zimene chithunzicho sichikuonetsa bwino. Zithunzi zakale zambiri ndi zakuda ndi zoyera, zojambulidwa kutsogolo kapena m'mbali, ndipo kumbuyo, pamwamba ndi pansi pa kasinja pamakhala posadziwika. Wopita chimanjamanja amabwerako ndi zithunzi mazanamazana za akasinja oima pa simenti, koma wopanda nkhani. Ndi bwino kujambula munthu ataima pafupi ndi kasinja kuti muyeso udziwike, kujambula chogwada kuti uone mmene msilikali wa pansi ankaonera, ndi kulemba pomwepo lingaliro lililonse la kayalidwe, monga kupendeketsa kasinja kuti asayende mofanana ndi m'mphepete mwa bwalo, kapena kuchepetsa bwalolo kuti pasakhale malo opanda kanthu.

Sitolo ya pamalopo ili ndi mabokosi a tiakasinja, penti ndi mabuku, ndipo mabukuwo ndi amene ndingalimbikitse kugula, popeza mabokosi amapezekanso kwina. Nyumbayi imachititsanso chionetsero cha omanga chotchedwa South West Model Show, kumene magulu osiyanasiyana amayala ntchito zawo pakati pa akasinja enieni, ndipo kumeneko munthu angafunse mwini diorama mmene anapangira udzu, njerwa kapena madzi a m'chithaphwi. Kwa amene ali kutali, makanema a Tank Chats pa YouTube, amene David Fletcher ndi David Willey anawatchukitsa, amazungulira kasinja mmodzimmodzi ndi kufotokoza mbiri yake kwaulere. Amapereka mbiri ndi maonekedwe mokwanira, ngakhale kuti kukula kwa chinthucho kumatayika pa galasi la foni.

Kwa womanga amene akukhala ku Britain ulendowu ndi woyenera ndalama yake ndi tsiku lathunthu, makamaka ngati chidwi chake chili pa nkhondo yoyamba, pa chipululu cha kumpoto kwa Africa kapena pa akasinja a Britain ambiri. Amene chidwi chake chonse chili pa nkhondo ya pakati pa Germany ndi Soviet Union apezako T-34 ndi KV-1 pamodzi ndi akasinja angapo a Germany, koma za midzi, chipale chofewa ndi misewu ya kumeneko adzadalirabe zithunzi za m'nkhokwe monga Bundesarchiv ya boma la Germany. Kwa amene ali ku Lilongwe, Chipata kapena Johannesburg, sindinganene kuti akwere ndege chifukwa cha diorama imodzi. Ayambe ndi makanemawo ndi zithunzi za nkhokwe za pa intaneti, asankhe kasinja mmodzi, chaka chimodzi ndi ntchito imodzi imene asilikali ake akugwira, ndipo ngati ali ndi m'bale ku England amene angapite ku Dorset, am'pemphe kuti akajambule kumbuyo ndi pansi pa kasinja ameneyo, munthu ataima pambali.